Nati imodzi idaimitsa chigayo changa masabata atatu

Alimi anzanga, makamaka inu amene muli ndi chigayo, pampu ya dizilo ya kudimba, thirakitala kapena njinga yamoto, sabata ino ndati tikambirane za chida china chimene ine ndidachidziwa mochedwa, ndalama zitandithera kale. Chidachi ndi sipanala yoyeza mphamvu imene munthu akumangira nati. Pachingerezi amati torque wrench, koma amakaniko athu ambiri amangoti toki.

Ine ndine mlimi wa chimanga, mtedza ndi soya, ndipo ndili ndi kachigayo ka dizilo pamalo ena ochitira malonda m'boma la Dowa. M'mwezi wa June chaka cha 2023, anthu atangokolola kumene, injini idayamba kuchepa mphamvu. Madzi a m'thanki yoziziritsira adayamba kuchita thovu ngati akuwira, ndipo m'mbali mwa mutu wa injini munkamveka kamphepo kakufwenkha. Aliyense amene wasungako chigayo adziwa kuti apa gasiketi yapsa.

Ndidagula gasiketi yatsopano ku Lilongwe nkuipereka kwa mwana wa mlongo wanga amene amandigayitsira. Mnyamatayu ndi wochenjera, manja ake ndi opepuka, ndipo ntchito zing'onozing'ono za painjini amazitha. Atakhazika mutu wa injini, adatenga sipanala nkuloweka paipi yaitali kumpini kwake.

"Atsibweni, ulendo uno ndimanga zoti gasiketi isadzapsenso," adatero.

Ine ndidavomera, ndipo ndidamugwirira injini kuti isagwedezeke. Nati yoyamba idalira. Yachiwiri idalira. Pa yachitatu tidangomva kuti thyo! mnyamata uja nkukhala pansi, paipi ili m'manja. Bawuti yopanda mutu imene imamera m'thupi la injini, ija amati sitadi, idali itadukira m'kati.

Chigayo chidaima masabata atatu, nthawi imene pamalopo pamakhala mzere wa madengu kuyambira m'mamawa. Tidanyamula injini pa lole kupita nayo m'tauni kuti akaboole chidutswa chotsaliracho, tidagula masitadi ena ndi gasiketi ina chifukwa yoyamba ija idali itaphwanyika mbali imodzi. Amayi ankayenda mtunda wautali kukagayitsa kwina, ena adazolowera komweko. Ngongole yanga ya kubanki m'khonde idandipeza ndilibe kanthu, mpaka ndidagulitsa matumba a mtedza amene ndidasungira mbeu. Zonsezi kaamba ka nati imodzi.

Madala wa bokosi lalitali

Injini itabwerera, sindidafunenso za ndadziwakale. Ndidakaitana mkulu wina amene adagwira ntchito zaka zambiri yokonza mathirakitala m'maesiteti a fodya ku Kasungu. Adabwera pa njinga yakapalasa, pakaliyala atamangirira kabokosi kakatali. M'menemo mudali toki, yokutidwa m'nsalu ngati chinthu cha mtengo wapatali.

Asanagwire chilichonse adandifunsa kuti, "Buku la injiniyi lili kuti, achimwene?"

Ndidachita manyazi, chifukwa bukulo lidali likadali m'pepala lake kudenga chigulireni chigayo. Adalitsegula, nkundilozera tsamba limene pali mndandanda wa manati ndi manambala ake.

"Amene adapanga injiniyi adalemba kale mphamvu ya nati iliyonse. Inu mumamanga ndi mphamvu ya nsima imene mwadya tsikulo," adatero akuseka.

Zimene ndilembe pano ndi zimene ndidaona kwa mkuluyu, ndi zina zimene ndakhala ndikuphunzira kuyambira pamene ndidagula toki yanga.

Bawuti imatamuka

Ambirife timaganiza kuti bawuti ndi chitsulo chouma gwa chimene sichisintha. Zoona zake nzakuti pamene mukumanga nati, bawuti imatamuka pang'ono, pang'ono zedi moti maso sangaone, ndipo imafuna kubwerera m'malo mwake monga uchitira mphira wa legeni. Kufuna kubwererako ndiko kumafinya mutu wa injini pa gasiketi kuti moto, madzi ndi oyilo zisadutse.

Mukamanga mochepa, bawuti siitamuka mokwanira. Injini ikayamba kunjenjemera nati imamasuka, gasiketi imapsa. Mukamanga mopyola muyeso, bawuti imatamuka kufika poti siingabwererenso, imaonda pakati, ndipo imaduka pomwepo kapena patapita masiku. Nthawi zina bawuti imapirira koma mazinga ndiwo amatha, kapena mutu wa injini umapindika. Tsono pakati pa kuchepa ndi kupyola pali muyeso, ndipo toki ndiyo imakuuzani kuti mwafika.

Vutoli silidayambe ndi ife. Mbiri ya chidachi imatchula Conrad Bahr, amene ankagwira ntchito ku dipatimenti ya madzi mumzinda wa New York ku America, kuti ndiye adaganiza za sipanala yotere m'chaka cha 1918, pofuna kuletsa anthu kumanga mopyola muyeso mabawuti a mapaipi a madzi.

Mphamvu ndi kutalika kwa mpini

Mphamvu yopotokola nati imachokera ku zinthu ziwiri: mmene mukukokera, ndi kutalika kwa mpini umene mukukokerawo. Tiyerekeze kuti munthu akukoka ndi mphamvu yokwanira kunyamula makilogalamu 30. Pa sipanala yotalika masentimita 25, nati ilandira pafupifupi 74 Nm. Munthu yemweyo akaloweka paipi yotalika mita imodzi, osaonjezera mphamvu ngakhale pang'ono, nati ilandira pafupifupi 294 Nm, kuwirikiza kanayi. Izi ndizo zidachitikira mwana wa mlongo wanga. Iye ankamva ngati akukoka mwachizolowezi, pomwe sitadi inkalandira katundu wa anthu anayi.

Zilembo za Nm zikuimira newton metre, muyeso umene mabuku ambiri a masiku ano amagwiritsa ntchito. Koma chenjerani, chifukwa miyeso ilipo itatu. Mabuku akale a ku Mangalande, monga a injini za Lister ndi mathirakitala akale a Massey Ferguson, amalemba lb ft. Mabuku ena akale a ku Japan ndi ku China amalemba kg m. Kuti musasokonezeke sungani izi: 1 lb ft ndi pafupifupi 1.36 Nm, ndipo 1 kg m ndi pafupifupi 9.8 Nm. Motero 100 lb ft ndi 136 Nm, ndipo 10 kg m ndi 98 Nm.

Toki zambiri zili ndi manambala mbali ziwiri, uku Nm uku lb ft. Buku likanena 50 Nm inu nkutchera 50 kumbali ya lb ft, mwamanga 68 Nm, ndipo bawuti yaing'ono ingathe kuduka. Buku likanena 50 lb ft inu nkutchera 50 Nm, mwangomanga 37 lb ft, ndipo nati idzamasuka. Yang'anani kawiri musanakoke.

Mitundu yake

Pali toki ya muvi, imene ili ndi kachitsulo koloza manambala. Mukamakoka, thupi la sipanala limapindika pang'ono ndipo muvi umaonetsa pamene mwafika. Iyi ndi yotsika mtengo ndipo siionongeka msanga, koma imafuna kuti maso anu akhale molunjika pa manambala nthawi yonse imene mukukoka.

Pali ina yolira, imene ndi yofala m'magalaja. M'kati mwa mpini muli sipuling'i. Mumatchera nambala, ndipo mukafika pamuyesowo imalira kuti kha! nkugonja pang'ono m'dzanja. Palinso zamabatire zimene zimaonetsa manambala pagalasi, koma kumudzi kuno fumbi la chigayo ndi kusowa kwa mabatire zimavutitsa.

Pogula onani kukula kwake. Toki ya hafu inchi, imene kawirikawiri imayambira cha m'ma 40 kukafika cha m'ma 200 Nm, imakwanira ntchito zambiri za galimoto ndi injini zazing'ono. Manati ang'onoang'ono a njinga yamoto amafuna toki yaing'ono, pomwe manati a magudumu a kumbuyo a thirakitala ndi a malole amafuna yaikulu imene imafika mazanamazana. Mitu ya injini zina zazikulu za chigayo nayonso imapyola 200 Nm, choncho werengani buku lanu musanapite kusitolo. Toki imanena zoona kwambiri pakatikati pa manambala ake, osati kumapeto kwenikweni.

Katcheredwe kake

Toki yolira ili ndi chotsekera kumapeto kwa mpini. Yambani mwamasula chotsekeracho. Pathupi la sipanala pali mzere woima umene m'mbali mwake muli manambala akuluakulu, ndipo pakamwa pa mpini wozungulira pali timanambala tating'ono toyambira pa 0.

Tiyerekeze kuti mukufuna 84, ndipo manambala akuluakulu akukwera khumikhumi. Zungulizani mpini mpaka mkombero wake ufike pamzere wa 80, kwinaku 0 wa pampini atalunjika mzere woima uja. Kenaka pitirizani kuzunguliza mpaka 4 alunjike mzerewo. Apo mwafika 84. Tsekani chotsekera, muyang'anenso, chifukwa potseka mpini umatha kusuntha. Toki zina manambala ake sakwera khumikhumi, choncho onani kaye kuti kuzungulira kamodzi kwa mpini kukuonjezera zingati. Ngati mwapyola nambala, bwererani pansi ndithu nkuyambanso kukwera, kuti mufike panambala yanu mochokera m'munsi.

Konzani kaye mazinga

Apa ndi pamene madala aja adatha nthawi yaitali, mpaka ine ndidayamba kutopa. Adatsuka sitadi iliyonse ndi bulashi ya waya, adapukuta nati iliyonse, ndipo adayamba aizunguliza ndi zala kuti aone ngati ikuyenda yokha mpaka pansi. Nati imodzi imene inkakakamira adaitaya.

Chifukwa chake nchakuti pa mphamvu yonse imene mumakoka, pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 amathera pokhulana m'mazinga ndi pansi pa nati. Gawo limodzi lokha ndilo limatamula bawuti. Mazinga akakhala ndi dzimbiri kapena mchenga, toki imalira msanga, inu nkumati zatheka, pomwe bawuti siinafinye kanthu. Mukapaka girizi pamene buku lanena kuti mazinga akhale ouma, nati imaterera, toki imachedwa kulira, ndipo bawuti imatamuka mopyola. Tsatirani zimene buku lanena. Likati pakani oyilo pang'ono, pakani. Likati pouma, pakhale pouma.

Ngati bawuti ikulowa m'bowo losaboola mbali ina, onetsetsani kuti m'bowomo mulibe madzi kapena oyilo. Madzi safinyika. Bawuti ikawapondereza, toki imanama, ndipo nthawi zina thupi la injini limang'aluka.

Onaninso pamutu pa bawuti. Manambala monga 8.8 kapena 10.9 amanena kulimba kwa chitsulo, ndipo 10.9 ndi yolimba kuposa 8.8. Musachotse bawuti ya 10.9 nkuikapo yopanda nambala imene mwaitola pamsika. Pa mabawuti wamba a 8.8, monga a pafelemu ya chigayo, ya mamilimita 8 imafuna pafupifupi 25 Nm, ya mamilimita 10 pafupifupi 50 Nm, ndipo ya mamilimita 12 pafupifupi 85 Nm. Mamilimitawa ndi a thupi la bawuti, osati nambala ya sipanala. Koma pa mutu wa injini, pa makoneketing'i rodi ndi pa fulaiwilo, musayerekeze. Nambala ichokere m'buku la injini yanu.

Kamangidwe

Mutu wa injini sumangidwa nati imodzi mpaka kumapeto kenaka ina. Mukatero umapendekeka, gasiketi imaphwanyika mbali imodzi monga idachitira yanga. Pa injini ya silinda imodzi ya manati anayi, mangani mopingasa: iyi, kenaka ya kutsidya kwake, kenaka ziwiri zotsalazo chimodzimodzi. Pa injini ya masilinda angapo, yambani pakati nkumapita kunja mbali zonse, motsata chithunzi cha m'buku.

Mangani m'magawo atatu. Tiyerekeze kuti buku lati 90 Nm. Tcherani 30 muzungulire manati onse, kenaka 60 muzungulirenso, pomaliza 90. Mukatha, bwerezani ulendo umodzi pa 90 pomwepo, chifukwa nati yoyamba imapepukako zinzake zikamangidwa.

Gwirani pakati pa mpini, pamene opanga adaika pogwira. Dzanja linalo ligwirize mutu wa sipanala kuti soketi ikhale mowongoka pa nati. Kokani pang'onopang'ono mosalekeza, osadzutsa ngati mukuliza injini. Ikalira kuti kha, lekani pomwepo. Anyamata ambiri amakonda kuiliza kawiri katatu kuti atsimikize, kapena kuonjezera pang'ono "ya chitetezo". Toki yolira siikuletsani kupitiriza, imangokuchenjezani. Mukapitiriza kukoka, ndiye kuti mwabwerera ku paipi ija.

Injini zambiri zakale zimafuna kuti zikagwira ntchito maola angapo, mutu umangidwenso chifukwa gasiketi yatsopano imakhazikika nkuphwa pang'ono. Buku limanena ngati izi zikufunika, komanso ngati injini ikhale yotentha kapena yozizira. Mukamanganso mutu, yezaninso mpata wa mavavu chifukwa umasintha. Injini zambiri za magalimoto atsopano zili ndi mabawuti amene mumamanga ndi toki kenaka nkuzungulizanso madigiri amene atchulidwa, mwachitsanzo 90. Mabawuti otere amatamuka osabwerera, ndipo kawirikawiri opanga amati asagwiritsidwenso ntchito kachiwiri.

Magudumu ndi njinga zamoto

Nkhaniyi si ya chigayo chokha. Tonse taonapo galimoto yodzaza matumba itagwetsa gudumu pamsewu, kapena dalaivala akudumpha pa sipanala pofuna kumasula nati imene wina adaimanga ndi mwendo. Manati a magudumu a magalimoto ang'onoang'ono ambiri amafuna pakati pa 100 ndi 140 Nm. Amangidwe mopingasa, ndipo muwayezenso mukayenda makilomita 50 mpaka 100. Pamenepa pali moyo wa anthu, si ndalama zokha.

Anyamata a kabaza wa njinga zamoto, injini zanu ndi za aluminiyamu, chitsulo chofewa. Pulagi ndi bawuti yokhuthulira oyilo ndizo zimathera mazinga kawirikawiri, chifukwa zimafuna mphamvu yochepa kuposa mmene dzanja limaganizira. Mazinga a pulagi akatha, ntchito yake ndi yochotsa mutu wonse wa injini, ndipo masiku amenewo simupeza ya ndiwo.

Kasamalidwe

Toki ndi sikelo, si hamala. Musamasulire manati olimba, ntchito imeneyo ndi ya sipanala wamba. Musalowekepo paipi, musaimenye, musaiponye pansi. Mukatha ntchito, bwezani mpini panambala yotsikitsitsa kuti sipuling'i ipume, koma musapyole pamenepo mpaka mpini kuchoka. Ipukuteni ndi nsalu, osaimiza m'dizilo, ndipo muisunge m'bokosi lake kutali ndi chinyezi ndi fumbi la gaga. Ikakhalitsa osagwira ntchito, yambani mwailiza kangapo panambala yotsika kuti mafuta a m'kati ayende.

Monga mmene masikelo a ogula mbeu amayenera kuyezedwa, toki nayo imasokonekera ikakalamba. Lamulo la miyeso la ISO 6789 limalangiza kuti iyezedwe pakatha miyezi 12, kapena ikalira maulendo 5,000. Kumudzi mungathe kuiyesa motere. Manani mutu wake mu vaisi kuti mpini ugone mopingasa ngati mtanda wa denga. Yezani kuchokera pakati pa mutu kufika pakati pa pogwira. Tinene kuti mwapeza masentimita 40. Tengani katundu amene mwamuyeza pasikelo yabwino kuti ndi makilogalamu 20, monga chigubu cha madzi. Chulukitsani 20 ndi 9.8 ndi 0.4, mupeza pafupifupi 78 Nm. Tcherani toki pa 72, mukoleke katunduyo pang'onopang'ono pamalo mwayeza paja, iyenera kulira. Tcherani pa 85, isalire. Ikalephera mayeso awa, musaikhulupirire pa mutu wa injini.

Tisonkherane

Ndikudziwa kuti ena anena kuti chidachi nchokwera mtengo kwa mlimi mmodzi amene angachifune kawiri pachaka. Nzoona. Koma ine nditawerengera ndalama za lole, za kuboola, za gasiketi ziwiri, ndi za madengu amene adapita kwina masabata atatu aja, ndidapeza kuti ndikadagula matoki angapo. Makalabu a alimi amene ali ndi pampu kapena chigayo cha gulu angathe kugula imodzi nkuisungitsa kwa munthu mmodzi wodalirika. Eni zigayo a pamalo amodzi angathenso kusonkherana. Ndipo pamene mukuitana makaniko kudzatsegula injini yanu, mufunseni ngati abwera ndi toki ndiponso ngati akudziwa nambala ya injini yanuyo. Wodziwa ntchito sakwiya nalo funso limeneli.

Tsiku lija madala atamaliza, adamuitana mnyamata wanga amene adali ataima patali ndi manyazi. Adamasula nati imodzi ya pafelemu, adatchera toki nkumupatsa. Mnyamatayo adakoka, ndipo italira adayang'ana modabwa.

"Basi, agogo? Pomwepa?"

"Pomwepo, mdzukulu wanga. Mphamvu zotsalazo ukanyamulire matumba."

Kuyambira pamenepo injini ija sitidaitsegulenso kaamba ka gasiketi. Manambala a manati ake tidawalemba ndi penti pakhoma la chigayo, pafupi ndi mitengo ya kagayidwe, ndipo paipi ija tsopano ndi mpiringidzo wa chitseko cha khola la mbuzi.